Kusankha njinga yamoto ya sport yoyamba ku Joni: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa abale athu okhala ku Mayfair, Rosettenville, Turffontein, Diepsloot ndi madera ena a Johannesburg. Ambiri ndi oti adakwerapo kabaza kumudzi kapena akuperekera zakudya panjinga kuno, ndipo tsopano mtima uli pa njinga ya liwiro.

Njinga ya sport ndi yotani, ndipo ikusiyana pati ndi zomwe tidazolowera?

Ndi njinga yamoto yopangidwira liwiro ndi kukhota. Mumaizindikira ndi mapulasitiki okuta injini ndi kutsogolo, mahandulo otsika, ndi popondera mapazi pokwera komanso pobwerera m'mbuyo. Wokwera amawerama, thupi limatsamira patsogolo, ndipo mphepo imadutsa pamwamba pa msana.

Boxer 150 kapena Lifo ya kabaza mumakhalapo chilili, mahandulo ndi otambalala ndipo imatembenuka pamalo ochepa. Ya sport mahandulo ake amafika msanga pothera, kotero kutembenukira m'kamsewu kopanikiza kumavuta, ndipo anthu ambiri kugwa kwawo koyamba kumachitikira pomwepo, njinga isakuthamanga n'komwe.

Ndiyambire ma cc angati?

Pakati pa 250 ndi 500cc, ya silinda imodzi kapena ziwiri. Njinga za gulu limeneli mphamvu yake ili pakati pa 25 ndi 47 hp, ndipo zimalemera makilogalamu 160 mpaka 195 zili ndi mafuta. Zonse zimafika pa 120 km/h, omwe ndi malire a liwiro pa N1, N3 ndi N12, ndipo za 300cc kupita m'mwamba zimatsala ndi mphamvu yopitirira lole popanda kuvutika.

Musamangoyang'ana ma cc okha. Chofunika kwambiri ndi mphamvu, ndi momwe mphamvuyo imabwerera. Kawasaki Ninja 650 ili ndi 649cc, masilinda awiri, pafupifupi 68 hp. Yamaha R6 ili ndi 599cc, masilinda anayi, pafupifupi 118 hp. Pamapepala R6 ndiye yooneka yaing'ono, koma pamsewu ndi chilombo china.

Ndayendetsa kabaza kapena njinga yoperekera zakudya kwa zaka zingapo. Sindingayambire pa 600 kapena 1000?

Ayi, ndipo funso ili tikhalapo pang'ono chifukwa ndi lomwe limapha anthu.

Zomwe mudaphunzira pa 125 kapena 150 n'zenizeni: mumadziwa kuwerenga msewu, mumadziwa khalidwe la oyendetsa ma taxi, klatchi ndi magiya zili m'manja. Koma njinga imeneyo ili ndi 10 mpaka 12 hp, ndipo idakuphunzitsaninso zizolowezi zomwe pa njinga yaikulu n'zoopsa. Choyamba ndi kupotokola moto mpaka kumapeto. Pa Boxer mukatero palibe chochitika, njinga imangokoka pang'onopang'ono. Pa 600 ya masilinda anayi, injini imakhala yofatsa marevi akakhala otsika, kenaka cha pa 8,000 kupita m'mwamba mphamvu imabwera mwadzidzidzi. Kuchoka pa 0 kufika 100 km/h kumatenga masekondi atatu ndi pang'ono. Mukagunda kadzenje dzanja n'kutsetsereka pa moto, njinga imalumpha, thupi limakankhidwira m'mbuyo, ndipo pogwiritsa kuti musagwe mumapotokolanso moto womwewo. Ya 1000 imafika pafupifupi 200 hp.

Chachiwiri ndi mabuleki. Okwera kabaza ambiri amadalira buleki ya phazi. Pa njinga ya sport ntchito yambiri yoimitsa, pafupifupi magawo 70 pa 100 kapena kuposa, ili pa buleki yakutsogolo, ndipo pa 600 pali madisiki awiri oluma kwambiri. Mukaifinya mwamantha pa njinga yopanda ABS (chipangizo choletsa tayala kuuma pogwira buleki), tayala lakutsogolo limauma ndipo muli pansi musanaganize.

Chachitatu ndi mtunda. Pa 120 km/h mukuyenda mamita 33 pa sekondi iliyonse. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Maso omwe adazolowera 60 km/h amayang'ana pafupi kwambiri, ndipo amafunika miyezi kuti aphunzire kuona patali.

Luso lanu lakale likutanthauza kuti 400 mudzaizolowera msanga kuposa munthu amene sadakwerepo. Silikutanthauza kuti mungaidumphe.

Akuti ku Joni injini imachepa mphamvu. Ndiye si bwino kugula yaikulu?

Zoti imachepa mphamvu n'zoona. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera panyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo 17 pa 100 a mphamvu yake poyerekeza ndi ku Durban. Pa 125cc izi zimamveka kwambiri, moti pa msewu waukulu imavutika kuyenda limodzi ndi magalimoto. N'chifukwa chake kwa munthu wodutsa M1 kapena N1 tsiku ndi tsiku timati 300 kapena 400 ndi yabwino kuposa 250. Koma R6 ikataya magawo 17 imatsalabe ndi pafupifupi 100 hp, kotero yankho la pamwambapa silisintha.

Ndi mitundu iti yomwe ndiyenera kuyang'ana?

Kawasaki Ninja 400, yomwe idatuluka mu 2018, ndiyo timaitchula poyamba: 399cc, masilinda awiri, 45 hp, makilogalamu 168, mpando wotalika mamilimita 785. Klatchi yake ndi yofewa, mahandulo sali otsika kwambiri, ndipo simudzatopa nayo m'chaka chimodzi. Mkulu wake Ninja 300 ili ndi 296cc ndi 39 hp, ndipo yogwiritsidwapo kale imapezeka pamtengo wotsikirapo.

Yamaha R3 ili ndi 321cc, masilinda awiri, 42 hp, mpando 780. Imafuna marevi okwera kuti ikoke bwino, zomwe zimaphunzitsa munthu kusankha giya yoyenera.

Honda CBR500R ili ndi 471cc ndi 47 hp. Ndi yofatsa komanso yokhalitsa, koma imalemera makilogalamu oposa 190. Kwa munthu wathupi woyenda ulendo wa Joni ndi Pretoria tsiku lililonse ndi yabwino. Kwa wamfupi kapena wopepuka, kulemerako kumamveka poikankha ndi poimika.

KTM RC 390 ili ndi 373cc, silinda imodzi, pafupifupi 43 hp. Ndi yakuthwa pamakona kuposa zinzakezi, koma mpando uli pa 820 kapena kuposerapo pang'ono, mumawerama kwambiri, ndipo pamzere wa magalimoto injini imatentha, fani n'kumangolira. Za zaka zoyambirira thanki yake ndi ya malita pafupifupi 10 okha. Mukaifuna, mbiri ya sevisi ikhale yathunthu.

Ngati ndalama ndi zochepa, Suzuki Gixxer SF 250 ndi Honda CBR250R, zonse za silinda imodzi ndi pafupifupi 26 hp, sizidya mafuta ndipo kukonza kwake n'kosavuta. Musanyoze njinga zopanda mapulasitiki monga KTM 390 Duke, Yamaha MT-03 kapena BMW G 310 R. Duke ya chisanafike chaka cha 2024 ndi MT-03 injini yake ndi imodzimodzi ndi ya RC 390 ndi R3, koma mumakhala mowongoka, mumaona bwino pamwamba pa magalimoto, ndipo zikagwa palibe mapulasitiki odula osweka.

Ndikufunika laisensi yanji?

Njinga yosapitirira 125cc imafuna Code A1, yomwe munthu angatenge kuyambira zaka 16. Yoposa 125cc imafuna Code A, kuyambira zaka 18. Laisensi ya galimoto, Code B, siikulolani kuyendetsa njinga yamoto.

Mumayamba ndi learner's ya Code 1, mayeso a malamulo, zikwangwani ndi zida za njinga. Imagwira ntchito miyezi 24, ndipo mumaloledwa kuyenda nokha pamsewu koma osanyamula munthu. Ku Gauteng tsiku la mayeso limasungitsidwa pa intaneti kudzera pa NaTIS. Mayeso oyendetsa a K53 a njinga amachitikira pabwalo: kunyamuka, kukhota, kusintha mzere, kunyamuka pachitunda, kuima mwadzidzidzi ndi kuzemba chopinga. Pachitunda njinga ikabwerera m'mbuyo mwalephera. Ambiri amatayanso mapointi poiwala kuyang'ana m'magalasi ndi kucheuka asananyamuke. Kuti mupatsidwe Code A muyenera kuyesedwa pa njinga yoposa 125cc.

Nanga laisensi ya ku Malawi? Ndipo mlendo angalembetse njinga m'dzina lake?

Laisensi ya kwathu imavomerezeka ngati siidathe nthawi, ili m'Chingerezi, ili ndi chithunzi ndi siginecha yanu, ndiponso ndi ya gulu loyenera njinga imene mwakwera. Ya A1 siikukwanira pa Ninja 400. Amene adapatsidwa chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale amayenera kudzaisintha kukhala ya South Africa.

Kuti mulembetse njinga kapena kulemba mayeso kuno mulibe ID ya dziko lino, mumafunika Traffic Register Number, yomwe anthu amangoti TRN. Mumaitenga ku ofesi ya malaisensi ndi fomu ya ANR, pasipoti yokhala ndi pemiti yomwe siidathe nthawi, zithunzi, ndi umboni wa komwe mukukhala. Tengani TRN musanagule njinga. Kulembetsa m'dzina la mnzanu kapena la bwana kumaoneka kwachidule, koma pamaso pa lamulo njingayo ndi yake. Mukayambana, akamwalira, kapena akakhala ndi ngongole, mulibe ponena.

Ndine wamfupi. Ndidziwa bwanji kuti njinga ikundikwana?

Khalanipo mutavala nsapato zomwe muzikwerera. Ngati zala za mapazi onse awiri zikuponda pansi molimba, kapena phazi limodzi likuponda lonse mutasuntha thako pang'ono, ili bwino. Nambala ya mpando payokha imanamiza, chifukwa mpando wotambalala umatanyulitsa miyendo n'kuifupikitsa. Pendeketsani njinga pang'ono mbali zonse mumve kulemera kwake, kenaka tembenuzani mahandulo mpaka pothera muone ngati chala chachikulu sichikupanikizika pa thanki. Kutsitsa njinga ndi zitsulo zapadera n'kotheka, koma kumachepetsa mpata wa pansi ndipo sitandi imafunikanso kufupikitsa.

ABS ndi yofunikadi?

Inde. Ikaona kuti tayala likufuna kuuma imamasula ndi kugwiranso buleki kangapo pa sekondi, tayala n'kupitiriza kuzungulira. M'misewu ya kuno, momwe taxi imaima paliponse yaona chala, ndiponso mchenga ndi dizilo zimatayika pamphambano, imeneyi ndi nkhani ya sabata iliyonse. Njinga zina za mtundu umodzi zidagulitsidwa zina ndi ABS zina zopanda, choncho musakhulupirire zolembedwa pamalonda. Yang'anani kampete ka timabowo pakati pa disiki yakutsogolo ndi kawaya kofika pamenepo. Mukatsegula kiyi nyali ya ABS iyake, ndipo izime njinga ikangoyamba kuyenda. Ikakhala yoyakabe, pali vuto.

Ndigule yatsopano kapena yogwiritsidwapo kale?

Kwa njinga yoyamba timakonda yogwiritsidwapo kale, ya zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri, yokhala ndi buku la sevisi. Oyamba kumene ambiri amaigwetsa m'miyezi yoyamba, pageti kapena poimika, ndipo kukanda njinga yomwe idakandika kale sikupweteka m'thumba ngati kukanda yatsopano ya ngongole. Njinga za 300 ndi 400 zimagulitsikanso msanga chifukwa chaka chilichonse kumabwera ophunzira ena.

Kusiyana kwa ogulitsa n'kwakukulu. Mukagula kwa dila, lamulo la Consumer Protection Act limakutetezani miyezi isanu ndi umodzi pa zolakwika zomwe katunduyo anali nazo. Mukagula kwa munthu wamba, kawirikawiri mumagula voetstoots, kutanthauza kuti mwaitenga momwe iliri. Pa Facebook Marketplace ndi malo ena otere musatumize dipoziti ya njinga yomwe simudaione ndi maso. Kumanani masana pamalo a anthu ambiri, ndipo musapite nokha mutanyamula ndalama.

Ndiyang'ane chiyani pa njinga yogwiritsidwapo kale?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapulasitiki atsopano onyezimira pa njinga ya zaka zisanu kawirikawiri amabisa ngozi, choncho yambirani pomwe wogulitsa sapukuta.

Muuzeni asailize inu musanafike, ndipo gwirani injini mumve kuti ndi yozizira. Injini yozizira ndiyo imaulula zonse: kuvuta kulira, phokoso la kugogoda, utsi wabuluu wosonyeza kuti ikudya oyilo. Tsegulani pothirira oyilo. Mukaona zoyera ngati mkaka, madzi akulowa mu oyilo, ndipo nthawi zambiri ndi gasiketi kapena silo ya pampu ya madzi.

Zizindikiro za kugwa zili kunsonga kwa mahandulo, pa ma liva, popondera mapazi, pa ekizozi ndi pa zivundikiro za injini. Zokanda zazifupi ndi za kugwa itaima, zomwe sizodetsa nkhawa. Zazitali zopita mbali imodzi ndi za kukhwekhwereka pa liwiro. Yang'anani tizitsulo toletsa mahandulo pa khosi la felemu. Tikakhala tophwanyika kapena towotcherera, njingayo idagundidwa kwambiri, isiyeni.

Pa mafoloko, gwirani buleki yakutsogolo, kankhirani pansi kangapo, kenaka pitsani chala pachitsulo chonyezimiracho. Mukapeza oyilo, masilo atha, ndipo oyiloyo akafika pa mabuleki sagwira. Kokani tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuroketi. Ngati ikutuluka mpaka kuonetsa theka la dzino, kapena mano apindika ngati mbedza, tcheni ndi masipuroketi onse awiri ziyenera kusinthidwa limodzi.

Matayala ali ndi manambala anayi m'mbali osonyeza tsiku lopangidwa: 2319 ndi sabata la 23 la 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu limauma ngakhale mizere ikuoneka. Lamulo limafuna mizere yakuya milimita imodzi, koma pa mvula ya kuno musadikire kufika pamenepo. Ngati muli ndi mita, batire lionetse pafupifupi 12.6 V injini itazima, ndi 13.5 mpaka 14.5 V ikulira. Likakhala pansi pa apo kapena pamwamba, chotchajira chili ndi vuto.

Timabowo tating'ono toboola pa mitu ya mabawuti a mabuleki ndi potulutsira oyilo timasonyeza kuti njingayo idathamangapo pa mpikisano. Funsaninso ngati mavavu adayezedwapo pa makilomita omwe buku limanena, chifukwa imeneyi ndi sevisi yodula imene anthu amagulitsa njinga poithawa. Ngati simuli otsimikiza, lipirani makaniko wa njinga zamoto apite nanu.

Mapepala ake ndi ati?

Wogulitsa akuonetseni satifiketi yeniyeni ya kulembetsa, RC1, osati fotokope. Nambala ya VIN ya zilembo 17 yomwe ili pa khosi la felemu, ndi nambala ya injini, zifanane ndi za papepala ndi pa disiki ya laisensi. Ngati manambalawo akuoneka opalidwa kapena okhomedwanso, chokanipo. Papepalapo pali mwini ndi title holder, kutanthauza yemwe ali ndi mphamvu yoigulitsa. Ngati title holder ndi banki, ngongole siidathe kapena dzina silidasinthidwe, ndipo mufunika kalata ya bankiyo. Onaninso code: 2 ndi yogwiritsidwapo kale, 3 ndi yomangidwanso pambuyo pa kuwonongeka kwakukulu. Ya Code 3 imatchipa, koma a inshulansi ambiri amaikana kapena kuichepetsa mtengo.

Wogulitsa amadzaza fomu yachikasu ya NCO, inu mumadzaza yabuluu ya RLV. Mufunika satifiketi ya roadworthy, yomwe imagwira ntchito masiku 60, ndipo muyenera kulembetsa m'dzina lanu pasanathe masiku 21. Lembani kalata ya malonda yokhala ndi VIN, mtengo, tsiku ndi masiginecha a nonse awiri. Njinga yopanda mapepala, ngakhale itatchipa chotani, ikhoza kukhala yobedwa, ndipo apolisi akaipeza m'manja mwanu woyankha mlandu ndinu.

Zovala zodzitetezera ndigule ziti, ndipo ndiyambe ndi chiyani?

Patulani ndalama ya zovala musanayambe kusaka njinga, yotsalayo ndiyo ikuuzeni njinga yomwe mungathe. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa, n'kutsala ndi helemeti ya pamsika ndi jekete la nsalu.

Helemeti ikhale yotseka nkhope yonse ndi chibwano, yokhala ndi chizindikiro cha ECE 22.05 kapena 22.06. Igwire masaya molimba, ndipo mukaigwedeza khungu la pachipumi liziyenda nayo. Musagule yakale, chifukwa thovu la m'kati likaphwanyika kamodzi silioneka kunja ndipo silitetezanso. Ikamenyedwa pangozi isinthidwe, ndipo ngakhale isanamenyedwe, opanga ambiri amati zaka zisanu zakwana. Lamba amangidwe nthawi zonse: helemeti yosamanga imavuka mutu usanafike pansi.

Kenaka magolovesi achikopa otseka mpaka pamkono, chifukwa munthu akamagwa manja ndiwo amatsogola. Jekete likhale ndi zotetezera zokhala ndi chizindikiro cha CE m'mapewa, m'zigongono ndi kumsana. Buluku la jini wamba limang'ambika nthawi yomweyo pa phula, choncho pezani la okwera njinga lokhala ndi zotetezera m'mawondo. Nsapato zikwirire akakolo, ndipo zingwe zake zisalendewere pafupi ndi giya. M'mawa wa June ndi July kuno kumazizira kufika pafupi ndi 0, ndipo zala zouma ndi chisanu sizigwira bwino buleki. Jekete lokhala ndi chamkati chochotseka limathandiza nyengo zonse ziwiri.

Kuisamala kumafuna chiyani?

Njinga za 300 mpaka 400cc zimamwa malita pafupifupi 3.5 mpaka 4.5 pa makilomita 100, ndipo Ninja 400 ndi R3 thanki yake ndi ya malita 14. Kuno kumtunda kuli petulo wa 93 ndi 95, tsatirani zomwe buku la njingayo likunena.

Oyilo akhale wa njinga yamoto, wolembedwa JASO MA kapena MA2, nthawi zambiri 10W-40. Klatchi ya njinga imasambira mu oyilo wa injini, ndipo oyilo wina wa galimoto amaiteremutsa mpaka mbale zake kupsa. Tcheni ipakidwe mafuta ake pa makilomita 500 alionse ndiponso mukayenda pamvula. Kulendewera kwake kumasiyana: Ninja 400 imafuna mamilimita 20 mpaka 30, R3 imafuna 35 mpaka 45. Tcheni yokungika kwambiri imawononga bering'i ya mu giyabokosi, yomwe kukonza kwake kumafuna kutsegula injini. Mpweya wa matayala uyezedwe sabata iliyonse matayala ali ozizira, pafupifupi 2.0 bar kutsogolo ndi 2.25 mpaka 2.5 kumbuyo malinga ndi mtundu. Mafuta a mabuleki, DOT 4, amasinthidwa zaka ziwiri zilizonse chifukwa amamwa chinyezi. Njinga yatsopano sevisi yake yoyamba ndi pa makilomita 1,000.

Inshulansi ndi akuba?

Road Accident Fund, yomwe ndalama zake zimachokera pa mtengo wa mafuta, imaona za kuvulala ndi imfa za anthu, osati kuwonongeka kwa njinga yanu kapena galimoto yomwe mwagunda. Mukakanda galimoto yodula ku Sandton mulibe inshulansi, ngongoleyo ndi yanu. Pezani ngakhale ya third party, yolipira katundu wa ena yemwe mwaononga. Funsani mtengo wa inshulansi musanagule njinga, muwauze zoona za laisensi yanu, komwe njinga imagona ndi ntchito yomwe imagwira. Mukanama, tsiku la ngozi amakana kulipira.

Njinga ya makilogalamu 170 anthu atatu amainyamula n'kuiponya mu bakkie, kotero loko wa mahandulo payekha sathandiza. Imangirireni ndi tcheni chokhuthala ku chinthu chosasuntha, tchenicho chidutse pa felemu kapena tayala lakumbuyo ndipo chisagone pansi pomwe angachimenye ndi hamala. Onjezani loko wa pa disiki wokhala ndi alamu, tracker, ndi chovundikira chosaonetsa mtundu wa njinga. Ngati komwe mukukhala kulibe mpanda kapena galaja, konzani nkhani imeneyi musanagule.

Ndingaigwiritse ntchito yoperekera zakudya?

N'zotheka koma si zanzeru. Ilibe pomangira bokosi, kuwerama maola khumi kumapweteka manja ndi msana, imamwa mafuta ambiri kuposa Boxer kapena Honda Ace, ndipo matayala ake ndi odula. Inshulansi ya munthu wamba siilipiranso ngozi ya pantchito yotere. Njinga ya ntchito ikhale ya ntchito.

Masabata oyamba ndiyende bwanji m'misewu ya Joni?

Yambani ndi sukulu ya okwera njinga, ngakhale ya tsiku limodzi kapena awiri, kenaka pezani bwalo lopanda magalimoto Lamlungu m'mawa. Yesererani kuima mwadzidzidzi kuyambira pa 30 km/h, kenaka 40, kenaka 60: finyani buleki yakutsogolo pang'ono kaye kuti kulemera kupite patsogolo, ndiye muwonjezere mwamphamvu. Yesererani kutembenuka pang'onopang'ono, klatchi ili pakati, phazi likukhudza buleki yakumbuyo, mutu utacheukira komwe mukupita. Mukagwira buleki yakutsogolo mahandulo atakhota, njinga imagwa pomwepo.

Pa liwiro, njinga imakhota mukakankha handulo ya mbali yomwe mukupita: kankhani yakumanja patsogolo, ipita kumanja. Ndipo imapita komwe maso ali. Mukayang'anitsitsa dzenje kapena chitsulo cha m'mphepete mwa msewu, mukachigunda. Yang'anani mpata.

Ngozi yofala m'tauni ndi ya galimoto yochokera kutsogolo yomwe ikukhotera kumanja n'kukudulani, dalaivala atakuonani mochedwa kapena ataganiza kuti muli patali. Pofika pamphambano chepetsani moto, zala ziwiri zikhale pa buleki, ndipo muziyang'ana tayala lakutsogolo la galimotoyo, osati nkhope ya dalaivala. Maroboti akazima, mphambano imakhala ya kuima mbali zonse, koma si onse amaima. Nyali yakutsogolo iziyaka usana ndi usiku, limenelo ndi lamulo.

Kudutsa pakati pa mizere ya magalimoto sikoletsedwa kuno, koma musayambe nako mwezi woyamba. Mukadzayamba, chitani pomwe magalimoto aima kapena akukwawa, musawapose ndi liwiro loposa 20 km/h, ndipo samalani pomwe patseguka mpata mumzere wina, chifukwa ndi pomwe galimoto imalumphira osayatsa indiketa. Pa mphambano za misewu ikuluikulu za Gillooly's ndi Buccleuch, pomwe aliyense akusintha mzere, khalani mumzere wanu.

Mvula ya kuno imabwera masana kuyambira October mpaka March, nthawi zina ndi matalala. Mphindi zoyambirira ndizo zoterera kwambiri chifukwa madzi amadzutsa oyilo wa pa phula. Pewani mizere yopentedwa ndi zivundikiro zachitsulo, ndipo chithaphwi chilichonse muchiyese dzenje. Mtambo ukada bii, imani pa filling station, kawirikawiri imadutsa msanga.

Maulendo a Lamlungu opita ku Hartbeespoort kapena Magaliesburg ndi okoma, koma woyamba kumene amavulala pofuna kusatsalira anzake a njinga zazikulu. Gwirizanani pokakumana, ndipo muyende pa liwiro lanu.

Ndinganyamule munthu liti?

Pa learner's n'zoletsedwa. Mukatenga Code A, dikiranibe miyezi ingapo. Munthu wakumbuyo pa njinga ya sport amakhala pamwamba, amakutsamirani mukagwira buleki, ndipo mtunda woimira umatalika. Akhale ndi helemeti yomukwana ndi zovala zonga zanu, mapazi ake afike popondera, ndipo mulimbitse shoko yakumbuyo monga buku likunenera.

Ndidzakwere liti yaikulu?

Pakapita chaka chathunthu, mutadutsa dzinja ndi chisanu chomwe, ndi makilomita 10,000 kapena kuposa. Muyeso wabwino si kutopa ndi liwiro la pamsewu wowongoka, koma ngati mumatha kuima mwadzidzidzi kuchokera pa 100 km/h popanda mantha, ndi kutembenuka pamsewu wa mizere iwiri osatsitsa phazi. Mukafuna kudziwa zomwe 400 yanu ingachite, pitani nayo pa track day, tsiku loyeserera pabwalo la mpikisano, ku Red Star Raceway kufupi ndi Delmas kapena ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria, komwe kuli gulu la oyamba kumene ndi alangizi. Sitepe yotsatira yabwino ndi ya masilinda awiri ya 650 mpaka 700cc, monga Ninja 650, Suzuki SV650 kapena Yamaha R7, zomwe zili cha m'ma 70 hp.

Ndingadzapite nayo kumudzi?

Njira yodziwika ndi ya Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, makilomita oposa 1,600 kukafika ku Blantyre. Si ulendo wa chaka choyamba. Mufunika RC1 ya m'dzina lanu, kalata ya banki ngati ili pangongole, chilolezo cholowetsa njinga kwa kanthawi ndi inshulansi ya dziko lililonse lomwe mukudutsa. Ngati ikukatsala ku Malawi, iyenera kuchotsedwa moyenera m'kaundula wa kuno ndi chilolezo cha apolisi, ndipo a MRA adzafuna msonkho wake.

Ganiziraninso komwe ikukakhala. Njinga ya sport ndi yotsika, matayala ake ndi a phula, ndipo pamsewu wafumbi wa kumudzi mapulasitiki a pansi ndi marimu sizichedwa kuwonongeka. Tayala la 140 kapena 150 la mainchesi 17, mapadi a mabuleki, fyuluta ya oyilo ndi tcheni ya 520 simungazipeze pa sitolo ya zipangizo za kabaza pa trading centre, choncho muzinyamuliretu kuchokera kuno.